Anganga Akadali mu 1968: Nyanja ya Chilwa ndi Matenda Oiwala

Kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuyambira pa doko la Kachulu mpaka ku Jali ndi m'midzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, mukafunsa munthu wachikulire kuti anabadwa liti amayamba kukuuzani za madzi. Uyu anabadwa chaka cha Napolo, uyo anakwatiwa nyanja itaphwa, winayo mwana wake wachisamba anamubereka chaka chimene matemba anabwerera. Pa zitupa za okalamba ambiri pali zaka zongoyerekeza, koma kalendala ya madziyi sinama kawirikawiri, ndipo imatheka kuitsimikiza. Napolo amene amamutchulayo ndi uja anagumuka m'phiri la Zomba mu Disembala 1946. Njala yaikulu ndi ya 1949. Kuphwa kwa nyanja kumene akuluakulu amakutcha koyamba ndi kwa 1968, ngakhale kuti sikunali koyamba ayi.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma ili ngati mbale yosaya, ndipo ilibe potulukira madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani amathiramo, dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanja imathawa, mabwato n'kutsala pa matope ong'aluka. David Livingstone ndi John Kirk anafika m'mbali mwake mu Epulo 1859 n'kuilemba kuti Shirwa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo kukwera ndi kutsika kwake kwakhala kukulembedwa m'mabuku. Inaphwa cha m'ma 1914, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atagona pouma pa Kachulu. Kuphwa kwa 1968 ndi kumene kunalembedwa bwino koposa, chifukwa kunapeza akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogozedwa ndi Margaret Kalk, ali kale pa ntchito yofufuza nyanjayi. Buku lawo linatuluka mu 1979. Mukalitsegula mupezamo kuya kwa madzi, kuchuluka kwa mchere, ndi mmene matemba, makumba ndi milamba zinabisalira m'mathiriro a mitsinje ndi mu njedza mpaka madzi atabwerera. Za anthu zilimo ndithu. Koma kuti ndani analekana ndi mkazi wake khoka litaleka kupha, ndani anapita ku Malombe osabwereranso, mfumu inagawira ndani dothi latsopano limene madzi anasiya, izi mabuku sanasunge. Zili m'mitu mwa anthu amene anali akuluakulu chaka chimenecho, ndipo wamng'ono mwa iwo lero wapyola zaka 70.

M'kalasi ya mbiri kuno ku Chanco timakonda kubwereza ganizo la Amadou Hampâté Bâ wa ku Mali, loyerekeza imfa ya munthu wokalamba ndi laibulale imene yapsa. Ganizo labwino, koma limatipangitsa kuyang'ana pa tsiku la maliro lokha. Pali kutha kwina kumene kumayamba munthu akadali moyo, akudya nsima, akuseka nanu pakhonde. Kumeneku kuli ngati chiswe, ndipo chiswe chake chimayambira ku mabuku atsopano, akale n'kumatsala. Madokotala amati dementia. M'Chichewa dzina lokhazikika palibe. Pa wailesi mumamva "matenda oiwalaiwala", kumudzi mumamva kuti "abwerera ku umwana", "mutu sukuyenda", "ndi ukalamba basi", ndipo pakakhala chidani mumamva mawu ena oopsa amene ndiwafikire posachedwa.

Anganga anga, mayi awo a mayi anga, anabadwa chaka cha Napolo. Makolo awo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, m'gulu lija linalowa muno kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ambiri n'kukagwera mu thangata m'minda ya azungu. Banja lathu linatsikira ku dambo, kumene kunali nsomba ndi mpunga. Mu 1968 anganga anali ndi zaka 22, ali ndi mwana kumsana. Zaka zinayi zapitazo anayamba kusiya mphika pamoto n'kupita kudimba. Kenako anayamba kufunsa funso limodzi kasanu m'mawa umodzi. Lero sadziwa kuti nyanja inaphwa mu 2018, ngakhale kuti chaka chimenecho anali bwinobwino ndipo ankadandaula za mtengo wa matemba. Za 1995 amangogwedeza mutu. Koma mukangotchula 1968, kapena kungoti "anganga, paja nyanja inapita kuti?", amakhala tsonga. Amakuuzani za fungo la nsomba zowola, za fumbi loyera limene mphepo inkaulutsa kuchokera pakati pa nyanja, za mmene anayendera wapansi mpaka pa Chisi kukaona azakhali awo, mapazi atang'ambika ndi matope ouma. Ine ndikalowa m'nyumba amandiyang'ana kanthawi n'kuti, "Achimwene, mwabwera liti ku Halale?" Achimwene awowo anapita ku Rhodesia ali mnyamata, n'kuchona.

Kwa nthawi yaitali abale ankati izi zikusonyeza kuti anganga akuchita dala. Amalume ankafunsa kuti, munthu amene akukumbukira mtundu wa chitenje chimene anavala zaka 50 zapitazo angaiwale bwanji kuti wadya kale? Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo yankho lake ndi lakale kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 1881 Mfalansa wina, Théodule Ribot, analemba kuti ubongo ukamawonongeka, zokumbukira zatsopano ndi zimene zimayamba kuchoka, zakale zimakana. Chifukwa chake chinadzaoneka bwino patapita zaka 70. Mu 1953 dokotala William Scoville wa ku America anachita opaleshoni Henry Molaison, mnyamata wodwala khunyu, n'kuchotsa mbali zonse ziwiri za kachiwalo ka mkati mwa ubongo kotchedwa hippocampus pamodzi ndi zoyandikana nako. Khunyu linachepa. Koma kuchokera tsiku limenelo Molaison sanathenso kusunga chinthu chatsopano. Brenda Milner, amene anamufufuza zaka zambiri, ankayenera kudzitchula dzina ulendo uliwonse. Za ubwana wake Molaison ankazidziwa, kulankhula ankalankhula bwino, ndipo manja ake ankatha kuphunzira luso latsopano iye osakumbukira kuti anaphunzirapo.

Apa ndi pamene anthu anamvetsa kuti kukumbukira sikukhala m'nkhokwe imodzi. Hippocampus ili ngati mlembi wa pa sikelo: chinthu chikachitika, iye ndi amene amachilemba n'kuchimanga pamodzi, malo ake, nthawi yake, nkhope za amene analipo. Pakamapita zaka, makamaka ngati nkhaniyo ikukambidwa mobwerezabwereza, imakhazikika m'mbali zina za ubongo ndipo siidaliranso kwambiri mlembi uja. Matenda a Alzheimer, amene ndi mtundu wofala kwambiri wa dementia, amayambira ndendende pa khomo la mlembiyo. Mapuloteni awiri, amyloid ndi tau, amaunjikana, wina pakati pa maselo a ubongo, wina mkati mwake, maselo n'kumafa. Choncho nsima ya masana ano siilembedwa n'komwe. Anganga akamati sanadye sakunama. M'mutu mwawo mulibe paliponse pamene zalembedwa. Kuonjezera apo, ofufuza anapeza kuti munthu aliyense wachikulire, wodwala ndi wosadwala yemwe, amakumbukira kwambiri zimene zinamuchitikira ali pakati pa zaka 10 ndi 30, nthawi ya chinamwali, ukwati, mwana woyamba, ulendo woyamba. Kwa anganga zaka zimenezo ndi 1956 mpaka 1976. Kuphwa kwa nyanja kunagwera pakati penipeni.

Luso la manja nalo lili ndi kwawo kwina mu ubongo, ndipo limachedwa kutha. Anganga sadziwa dzina la mdzukulu amene amagona nawo, koma apatseni lichero muone mmene apetera mpunga. Nyimbo za tchopa ndi za kutchalitchi amaimba osaphonya. Chimene tinawaletsa ndi kuphika kalongonda. Manja akudziwa zonse, koma kalongonda amafuna kuti ukumbukire kuti wataya madzi kangati, ndipo amene anadyapo wosapsa bwino akudziwa chimene ndikunena.

Dzina la Alzheimer ndi la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, amene mu 1901 analandira ku chipatala cha ku Frankfurt mayi wa zaka 51, Auguste Deter, woiwala, wosokonekera ndi wokayikira mwamuna wake. Mayiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer anayeza ubongo wake n'kuona zounjikana zija. Mu 1910 Emil Kraepelin analemba matendawa m'buku lake ndi dzina la Alzheimer. Chaka chomwecho cha 1910, kuno ku Zomba, boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala, ndipo linawaika ku ndende yaikulu ya Zomba, m'manja mwa oyang'anira akaidi. Chipatala chenicheni, chimene tonse timangoti ku Mental, chinadzatsegulidwa mu 1953. Megan Vaughan, amene anaphunzitsapo mbiri pa Chanco pano, analemba za malo amenewa mu 1983, ndipo chimene chimaoneka mu mbiri yake n'chakuti boma linkatsekera anthu amene linkawaona kuti ndi oopsa kapena osokoneza mtendere. Gogo woiwala mphika pamoto sankaopseza bwanamkubwa. Ankatsala kumudzi, m'manja mwa mbumba yake, ndipo m'mafailo a boma simumupeza. Kusapezeka m'mafailoku kunathandiza kubereka bodza limene lidakalipo mpaka lero, loti amenewa ndi matenda a azungu.

Bodzali kafukufuku analithetsa kale. Ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, madokotala anatsatira okalamba a Chiyoruba kuyambira m'ma 1990 ndipo anawapeza nawo matendawa, ngakhale kuti anali ochepa poyerekeza ndi anthu akuda a ku Indianapolis. M'boma la Hai ku Tanzania, kumudzi ngati kwathu, kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 70 kupita m'tsogolo ali ndi dementia. Bungwe la WHO limati padziko lonse odwala ndi oposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Kuno kwathu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Edzi itafika pachimake, Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50. Lero tapyola 60. Ndi nkhani yabwino, koma ikutanthauzanso kuti mabanja ambiri akumana ndi zimene ife tikukumana nazo. Komanso si Alzheimer yekha. BP yosasamalidwa, shuga ndi sitiroko zing'onozing'ono zimawononga mitsempha ya magazi mu ubongo n'kubweretsa kuiwala kwa mtundu wina. Kachasu wa zaka zambiri ndi kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala nazonso zimatero. Anganga titapita nawo kuchipatala cha kufupi ndi kwathu anawapeza ndi BP yokwera kwambiri. Dokotala anatiuza kuti mankhwala ochiza kuiwalako palibe, koma a BP asamadumphe. Anatichenjezanso kuti tsiku limene asokonekere mwadzidzidzi kuposa masiku onse tithamange nawo, chifukwa malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo amatha kuchita zimenezo kwa okalamba, ndipo amenewo amachizika.

Tsopano ndifike pa mawu oopsa aja.

Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela, n'kubwerako Kamuzu ataletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Koma anganga dzuwa likamapendeka amayamba kusakhazikika, kumanga kamtolo, kunena kuti akukawachingamira bambo a ana ku msewu. Usiku wina chaka chatha anatsegula chitseko onse ali m'tulo. Anapezeka m'bandakucha kuseri kwa nkhokwe ya banja lina m'mudzi woyandikana nafe, chitenje chitatayika m'njira, akunjenjemera ndi kuzizira, akulankhula chilankhulo chimene achinyamata amene anawazungulira sankachimva. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa dzina limene chithunzi chimenechi chili nacho: nkhalamba yosavala, pakhomo pa eni, kunja kukucha. Amati mfiti yagwa, kwaichera. Wina anawafunsa kuti, "Gogo, mukuchokera kuti?" Iwo anayankha mosabisa kuti akuchokera ku Chisi. "Pa bwato la ndani?" Anati ayi, ayenda wapansi.

Nthawi imeneyo nyanja inali itadzaza mpaka m'minda. Kwa anthu amene anaima pamenepo, ambiri obadwa 1995 itadutsa, mawu amenewa anali kuvomera. Munthu angapite bwanji pa Chisi usiku umodzi popanda bwato ngati sanauluke? Koma anganga ankanena zoona zenizeni za m'mbiri. Anayendadi wapansi kupita pa Chisi. Chimene matenda anachotsa ndi chaka chokha. Ndipo chilankhulo chachilendo chija chinali Chilomwe cha mayi awo. Anthu olankhula zilankhulo zingapo akadwala matendawa nthawi zambiri amabwerera ku chimene anayamwira. Anganga anakula nthawi imene Mlomwe ankachita manyazi kulankhula kwawo pagulu poopa kutchedwa Nguru, ndipo mu 1968 momwemo, nyanja ili gwa, msonkhano wa chipani cha Kongeresi unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko. Ana awo sanawaphunzitse Chilomwe. Lero chatulukanso chokha, ndipo m'banja mwathu palibe amene angawayankhe kupyola moni amene timamva ku Mulhako. Anawapulumutsa ndi bambo wina wachikulire, msodzi wakale, amene anafika n'kumva zimene ankanena, n'kuuza gululo kuti iyenso mu 1968 anayenda ulendo womwewo ndi bambo ake, ndipo kuti mayiwa akungoitana mayi awo. Amalume anafika ndi chitenje, nyakwawa inabalalitsa anthu. Bamboyo akanakhala kuti anamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo, sindikufuna kuganiza.

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timatero. Tsiku limenelo zinachitikadi. Koma ife a ku Chilwa tikudziwa kuti dambo nalo limauma.

Boma lakhala likulimbana ndi nkhani ya ufiti kwa zaka zoposa 100, ndipo silinapambane. Lamulo la 1911, limene tikugwiritsabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Silinaletse mchape wa m'ma 1930, uja anayambira ku Mulanje n'kufalikira mpaka ku Northern Rhodesia, anthu akufola pamzere kumwa mankhwala oyeretsa mudzi. Silinaletsenso zimene zinachitika ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana m'mudzi mwawo. Bungwe la MANEPO chaka chilichonse limalengeza za okalamba ophedwa pa zifukwa zotere. Sikuti aliyense woganiziridwa ufiti amadwala dementia. Ambiri mlandu wawo ndi umasiye, umphawi, kapena munda umene wina akuufuna. Koma taonani zizindikiro za matendawa: kuyenda usiku, kusochera pakhomo pa eni, kuvula, kulankhula ndi anthu amene anafa kale, kuvomera chilichonse chimene wafunsidwa mwaukali. Zili ngati wina anakopera mndandanda wa zimene mudzi umati ndi umboni wa ufiti. N'chifukwa chake ndinachita mantha pamene komiti yapadera ya Law Commission mu 2021 inapereka maganizo akuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo. Umboni waukulu pa mlandu wotere ungakhale kuvomera kwa woimbidwa mlandu, ndipo anganga anga mungathe kuwavomeretsa chilichonse pa mphindi zisanu. Lamulo loteteza okalamba la 2024 ndi sitepe yabwino, koma pa nkhokwe paja m'bandakucha panalibe amene akanalitchula.

Pali funso lina limene ngati wophunzira mbiri limandivuta kwambiri, ndipo silokhudza ufiti. Kodi munthu wodwala chonchi akadali mboni? M'zaka za m'ma 1970 ophunzira mbiri a pa Chanco, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Kings Phiri, ankapita m'midzi ya Zomba ndi Machinga kukafunsa okalamba za mafumu, nkhondo ndi maulendo a makolo, ndipo zambiri zimene tikudziwa za Amachinga ndi Anyanja a kuno zinachokera m'makambirano amenewo. Vaughan polemba za njala ya 1949 anadalira kwambiri zimene amayi ankakumbukira ndi nyimbo zawo za pamtondo. Mbiri ya Malawi yatsamira pa mitu ya okalamba kuposa mmene timavomerezera. Tsono tiyenera kudziwa kuti mutu umenewu ukamadwala, chimayamba kuthyoka n'chiyani.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa n'kosavuta kukometsa nkhani n'kunena kuti zakale zonse zili bwinobwino. Sizili choncho. Akatswiri ena, monga Lynn Nadel ndi Morris Moscovitch amene analemba mu 1997, amati kukumbukira chinthu mwatsatanetsatane, ngati ukuchionanso, kumafunabe hippocampus ngakhale chinthucho chikhale chakale bwanji. Chimene chimatsala ndi mutu wa nkhani, wosalala ngati mwala wa mumtsinje chifukwa chokambidwa kambirimbiri. Ndimaziona kwa anganga. Nkhani ya ulendo wa pa Chisi imabwera ndi mawu omwewo, kuseka pamalo pomwepo, koma mukafunsa funso la pambali, monga kuti anagona kwa yani pobwerera, amasowa, kapena amatola munthu wa nthawi ina n'kumuikamo. Ubongo sukonda mpata. Umatseka ndi chimene chili pafupi, mwini wake osadziwa. Za njala ya 1949 amafotokoza ngati anaona ndi maso, mpaka mizu imene anthu ankakumba, chonsecho anali ndi zaka zitatu. Zimenezo ndi zokumbukira za mayi awo zimene zasanduka zawo. Kwa woweruza milandu limenelo ndi vuto. Kwa wolemba mbiri ndi mphatso, bola adziwe chimene wagwira: akumva mawu a mayi amene anabadwira ku Mozambique, kudzera pakamwa pa mwana wake.

Jan Vansina, amene anaphunzitsa dziko kulemekeza mbiri yapakamwa, ankalimbikira kuti nkhani imodzi uimve kangapo, kwa anthu angapo, n'kuona chimene sichikusuntha. Njira imeneyi imagwiranso ntchito pa munthu mmodzi. Ndawajambula anganga pa foni maulendo asanu ndi awiri m'zaka ziwiri, nthawi zonse m'mawa, chifukwa madzulo mutu umakhala utatopa. Sindiwafunsa kuti "mukukumbukira?", funso limenelo limawachititsa manyazi n'kuwakwiyitsa. Ndimawapatsa mono wakale kapena tsache la mpunga m'manja, nkhani imayamba yokha. Akanditcha achimwene ndimavomera. Mayi anga poyamba ankawauza zoona madzulo alionse, kuti bambo anamwalira kale, ndipo anganga ankalira maliro atsopano tsiku lililonse, mawa lake osakumbukira chimene chinawaliritsa koma chisoni chili pomwepo. Pano timangoti, "Abwera, anganga, tiyeni tiyambe tadya." Ena kutchalitchi amati kumeneko ndi kunama. Ine ndimati choonadi chimene munthu sangathe kuchisunga, koma ululu wake n'kuusunga, si mphatso yoti uzimupatsa tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya umboniyi kwathu yafika mpaka pa bwalo. Madzi atathawa mu 1968, mfumu ya nthawi imeneyo inagawa malo a kumunsi kwa dambo, ndipo mayi awo a anganga analandira dimba limene mbumba yathu yakhala ikulimapo mpunga. Kuno malo amayenda kuchikazi, ndipo pepala panalibe. Chiyambireni kumveka za lamulo la malo la 2016, loti malo a makolo azilembetsedwa, aliyense akufuna malire ake adziwike, ndipo banja loyandikana nalo dimbalo likuti mizere ingapo ya mbali ya kunyanja ndi yawo. Mwa anthu amene analipo tsiku logawa, wamoyo ndi anganga okha. Pa bwalo a mbali inayo ananena mwaulemu ndithu kuti, "Mfumu, mayi athuwa mutu sukuyenda, dzulo lomweli amafuna kupita ku msewu kukadikira malemu." Sananame. Amalume anayankha kuti za dzulo asawafunse, awafunse za kale.

Ndinapempha mfumu kuti ndiyankhuleko, ngakhale kuti pa bwalo mwana ngati ine amayenera kukhala chete. Ndinafotokoza kuti m'zojambula zisanu ndi ziwiri zija dzina la mfumu yogawa malo limasintha, chiwerengero cha anthu amene analipo chimasintha, ulendo wina mpaka agogo aamuna amapezekapo chonsecho mwina anali ku Joni. Koma chinthu chimodzi chimabwera ulendo uliwonse, ine osafunsa: kuti mayi awo anatenga mphero yosweka pakati, n'kukwirira chibenthu chimodzi pa ngodya ya kunyanja, pafupi ndi chulu, chinacho n'kubwerera nacho kunyumba. Chibenthu cha kunyumbacho chilipo. Chakhala chikutsamiritsa chitseko cha khitchini kuyambira ndili mwana, ndipo palibe amene ankadziwa chifukwa chake sitichitaya. Mfumu inachitembenuza m'manja, n'kunena kuti nkhani yotere siivuta, khasu ndi limene liweruze, ndipo a mbali inayo anavomera kuti zibenthu zikakalumikizana iwo asiya.

Kukumbako sikunachitike. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 nyanja inakwera kwambiri, ndipo ngodya imeneyo ya dimba ili pansi pa madzi ofika m'chiuno. Chulu chimangooneka kansonga, anyamata amatcherapo miono. Mfumu inalamula kuti mbali zonse ziwiri zisakhudze mizere imeneyo mpaka madzi atatsika. Amalume anakazika nsungwi pa chulupo kuti malo asasowe, ndipo chibenthu chija anachichotsa pa chitseko n'kukachisungitsa kwa mfumu.